Funsani Amisiri: ampu ya gitala ya mavalavu yopanga wekha

Mwezi uno mafunso ambiri abwera okhudza chinthu chimodzi, ma ampu a gitala a mavalavu aja, timachubu tagalasi timene tinkakuza mawu mmawailesi akale, nde ndangowaika pamodzi, ena ndawafupikitsa kamba ka malo.

FUNSO: Amisiri, ine ndimaimba gitala ku tchalitchi kwathu ndipo masana ndimakonza mafoni ndi mawailesi, kuwotcherera ndimatha bhobho. Ndakhala ndikuonera pa YouTube anthu akupanga okha ma ampu a mavalavu ndipo kamvekedwe kake kandilowa mmutu moti ka ampu kanga kakale sindikukafunanso. Ndikufuna ndipange ya 50 watts ngati Marshall kuti izimveka mpaka kumbuyo. Ndiyambire pati? Woimba gitala, Ndirande

YANKHO: Achimwene, mtima wake ndi umenewo koma za 50 watts zo ziikeni kaye pambali. Yambani ndi Fender Champ, dayagilamu yake imatchedwa 5F1, ya kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, ija a Leo Fender ankapanga ku Fullerton ku California ngati ka ampu ka ophunzira. Ili ndi mavalavu atatu basi, 12AX7 yomwe imalandira timawu tofooka tochokera ku gitala nkutikuza, 6V6 yomwe imakankha sipika, ndi 5Y3 yomwe ntchito yake nkusandutsa magetsi a AC kukhala DC. Chopotokola ndi chimodzi chokha cha voliyumu, marezisita ndi makapasita onse pamodzi amakwana mmanja, ndipo imatulutsa pafupifupi 5 watts. Chomwe ndimaikondera kwambiri nchoti anthu osawerengeka anaipanga kale, nde ma volts oyenera kupezeka pa phazi lililonse la valavu amadziwika, ikavuta mumangotenga mita nkuyerekeza, simukhala mukungolota. Ya 50 watts imafuna mavalavu a EL34 awiri ofanana mphamvu, bayasi (muyeso wa magetsi omwe valavu imakoka) yochuna ndi mita, ma volts opitirira 400, komanso mathiransifoma olemera omwe ndalama yongowanyamulitsa kuchokera kunja mutha kugulira gitala ina. Ndipo olo a Jim Marshall enieniwo sanayambe nkupeka zawozawo, JTM45 yawo yoyamba ya mu 1962 ku London anatengera Fender Bassman pafupifupi waya ndi waya, kusintha kunabwera pambuyo atamvetsa kaye chomwe chinalipo.

Za kumveka mpaka kumbuyozo, khutu siliwerenga ma watts mmene timaganizira. Kuchoka pa 5 kufika pa 50 watts ndi 10 dB, ndipo khutu limangomva ngati phokoso lawirikiza kawiri osati ka 10. Sipika ndi imene imasintha zinthu kwambiri. Champ yoyambirira inali ndi ka sipika ka mainchesi 8 koma palibe amene akukukakamizani, khomani bokosi lalikulu muikemo sipika ya gitala ya mainchesi 12 ya 98 kapena 100 dB, mudabwa nokha. Ya mgalimoto kapena ya wailesi ya mnyumba yokhala ndi twita, ka sipika ka mawu apamwamba kaja, ayi, gitala ikayamba kusasa mawu twitayo imatulutsa phokoso lolasa mmakutu. Ndipo ku tchalitchi PA ilipo kale eti, ikani maiki patsogolo pa sipika yanuyo, a kumbuyo azimvera ku PA.

Chilungamo chake ndi ichi, ngati mumaimba lidi yoyera ya rumba ija pambali pa ma dramu, 5 watts iyamba kusasa musanafike pomwe mukufuna. Ikatero ampu yachiwiri ikhale Deluxe 5E3 ya ma 6V6 awiri, yomwe ili cha m'ma 12 mpaka 15 watts. Koma yachiwiri, osati yoyamba.

Musanalipire chilichonse onetsetsani thiransifoma ya magetsi. Kuno ndi 230 volts, 50 Hz, pomwe makiti ambiri ochokera ku America ndi a 120 volts, 60 Hz. Funsani wogulitsa kuti ili ndi waya wa 230 kapena 240, akapanda kuyankha zomveka musagule.

FUNSO: Amisiri, mwana wanga wamwamuna wa zaka 19 akupanga chinthu chimenechi kuchipinda kwake. Sabata yatha anakuwa, akuti chamugwira shoko chonsecho pulagi anali atazula kukhoma. Iye akuti nzazing'ono. Ine mtima suli mmalo, ndimuletse? Mayi wodandaula, Area 25

YANKHO: Mayi, mwachita bwino kulemba, ndipo mnyamatayo mumuuze kuti si zazing'ono ayi, anthu amafa nazo. Mkati mwa ampu ya mavalavu, olo ka 5 watts, mumakhala 300 mpaka 350 volts ya DC, kuposa ya kukhoma. Chomwe chinamugwira ndi makapasita akuluakulu aja otchedwa ma filter, amasunga magetsi ngati mmene mgolo umakhalirabe ndi madzi mpope utatsekedwa, ndipo ngati palibe njira yoti atulukire amatha kukhalamo nthawi yaitali pulagi itazulidwa.

Kumuletsa sindikuvomereza chifukwa azikapangira kwa mnzake komwe simukumuona, bola mumuikire malamulo ndipo izi mumuwerengere mmene ndalembera. Asanalowetse dzanja azule pulagi, atenge rezisita ya 100k ya 2 watts kapena kuposa yomwe waiwotcherera ku mawaya awiri okutidwa bwino, mbali imodzi aipanitse ku chasesi, chitsulo chomwe zida zonse zimamangidwapo, inayo akhudzitse pa pozitivu ya kapasita kwa masekondi 30, kenako ayeze ndi mita, ikapanda kutsika pansi pa 10 volts abwereze. Zogunditsa sikuludilaiva kuti ithetheke moto zija ayi, zimaononga kapasita komanso tizitsulo totentha timathowera mmaso. Awotchererenso rezisita ya 220k ya 2 watts yokhaliramo pakati pa pozitivu ya kapasita yoyamba ndi chasesi kuti ampu izidzitaya yokha magetsi ikazimitsidwa, komabe kuyeza ndi mita asasiye poti rezisitayo itha kuduka iye osadziwa. Akamayeza ampu ili yoyaka dzanja limodzi likhale mthumba, chifukwa chomwe chimapha ndi magetsi kulowa dzanja ili nkutulukira linalo kudutsa pamtima. Avale nsapato za labala, asaime pa simenti wopanda nsapato, ndipo mnyumba mukhale munthu wodziwa pomwe pali switchi yaikulu.

Pulagi ikhale ya mano atatu, waya wa ethi wagirini ndi chikasu uja amangidwe pa chasesi ndi bawuti yakeyake, ndipo pakhale fyuzi yeniyeni ya 1 amp, osati kawaya kapena pepala la ndudu. Nkhani ya ethiyi ndimailimbikira chifukwa zingwe za gitala zimalumikizana ndi chasesi ya ampu kudzera mu kebulo, nde chasesi ikakhala ndi moto woimbayo ndi amene wagwira motowo ndi manja onse awiri. Mnyumba zambiri soketi imaoneka ya mabowo atatu koma kumbuyo ethi sinalumikizidwe, itanani wa zamagetsi aione.

Poyatsa koyamba apange chotetezera cha babu, ndiye kuti babu lakale la waya mkati la 60 watts lomwe magetsi amadutsamo kaye asanafike ku ampu. Likawala pang'ono nkuzilala zili bwino, likawala kwambiri osasiya muli shoti azimitse msanga. La LED kapena la enaje seva silingagwire ntchitoyi. Ndipo mukaona walowetsa mnyumba thiransifoma ya mu maikolowevu, imeneyo nde mulande osakambirana, imatulutsa pafupifupi 2000 volts ndipo sipereka mwayi wachiwiri. Ngati kufupi kuli mkulu amene ankakonza ma TV a chimsana aja, mupite naye akamuonere ntchito yake, akuluakulu amenewo magetsi okwera amawadziwa ulemu wake.

FUNSO: Akulu, kumudzi ndapeza wailesi yakale ya agogo ya Philips, yamatabwa, mkati muli mavalavu. Ndingachotsemo zida nkupangira ampu? Zogula kunja sindingakwanitse. Mnyamata wa ku Zomba

YANKHO: Mwina mwatola chinthu chabwino, mwinanso chinthu choopsa, zitengera zilembo zomwe zili pa mavalavuwo. Mavalavu a ku Ulaya chilembo choyamba chimanena za hita yake, kawaya kotenthetsa valavu mkati. Oyamba ndi E monga EL84, ECC83, EZ80, ECL82 kapena ECL86 ndi a 6.3 volts, ndipo wailesi yotero nthawi zambiri imakhala ndi thiransifoma ya magetsi yaikulu ndithu. ECC83 ndi 12AX7 yomweyo dzina lina chabe, EL84 ndi ija ili mu Vox AC30, imodzi yokha imapereka 4 kapena 5 watts. Mukapeza zimenezi muli ndi thiransifoma ya magetsi, thiransifoma ya sipika ndi chasesi yoboola kale, zomwe ndi zida zitatu zovuta kwambiri kupeza.

Koma mukaona oyamba ndi U monga UL84, UCH81 ndi UY85, imani pomwepo. Mawailesi amenewo anawapanga opanda thiransifoma ya magetsi kuti atchipe, waya umodzi wa kukhoma umapita pa chasesi mwachindunji, nchifukwa chake zonse anazitsekera mmatabwa kapena mpulasitiki kuti munthu asakhudze chitsulo. Mukalumikizapo gitala mwalumikiza zingwe zanu ku soketi. Oyamba ndi D ndi a batire, a mtundu wa mawailesi aja ankati Saucepan Special omwe anayamba kugulitsidwa ku Northern Rhodesia mu 1949 nkufikanso kuno, mphamvu yake ndi yochepa kwambiri, yotero ingosungani ngati chikumbutso cha agogo.

Olo mutapeza ya E yabwino, makapasita ake akale musawakhulupirire. Ma filter amauma, ndipo a pepala ndi phula aja amadontheza DC kupita ku giridi, polowera mawu mu EL84, mpaka valavu kupsa. Amenewo gulani atsopano a 450 volts kwa ma filter ndi 630 volts kwa ang'onoang'onowo, sadula kwenikweni.

Ngati thiransifoma ya magetsi inapsa pali njira ina. Tengani ziwiri za 230 kupita 6 volts, lumikizani mbali zake za 6 volts pamodzi, yoyamba imatsitsa yachiwiri imakwezanso, nde pakatipo mumatengapo magetsi a hita ndipo kumapeto mukaika madayodi anayi a 1N4007 ndi kapasita mumapeza DC ya cha m'ma 250 mpaka 300, yosagundana ndi ya kukhoma. Yoyambayo ikhale yaikulu, ya 5 amps, poti ikunyamula zonse. Thiransifoma ya sipika ndi imene imavutirapo. EL84 imafuna kuona pafupifupi 5000 ohms, ndipo ka thiransifoma ka 230 kupita 9 volts mukakalumikiza ku sipika ya 8 ohms masamu ake amafika pafupi pomwepo, chimodzimodzi za PA za 100 volts zija mukagwiritsa waya wa 2 watts. Zimalira ndithu, koma besi imachepa chifukwa chitsulo chake chilibe kampata kamene yeniyeni imakhala nako kuti ipirire DC. Yambirani pomwepo, mukadzapeza ndalama chinthu choyamba kugula chikhale chimenecho.

FUNSO: Ndamaliza kupanga kiti ya Champ, ikulira koma ikung'ung'uza kuti mmmm olo gitala ndisanalumikize, ndipo ndikakweza voliyumu imayamba kulira ngati wezulo. Ndalakwitsa pati? Wa ku Mangochi wokhala ku Johannesburg

YANKHO: Ya wezuloyo ndi yosavuta, tiyambe nayo. Mu Champ muli rezisita ya 22k yomwe imatenga mawu pang'ono ku sipika nkuwabweza kumbuyo motsutsa. Mawaya awiri a thiransifoma ya sipika, opita ku 6V6 ndi ku magetsi, akasinthana malo kubwezako kumakhala kothandizira mmalo motsutsa, nde ampu imadziimbira yokha. Tayani kaye magetsi a mmakapasita, sinthanitsani mawaya awiriwo, nthawi zambiri imathera pomwepo. Ikapitiriza onani ngati waya wa jeki ya gitala wadutsa pafupi ndi mawaya a thiransifoma yomweyo, atalikitseni.

Kung'ung'uzako mverani kaye kuti ndi kwa mtundu wanji. Ku South Africa ngati kuno magetsi ndi 50 Hz. Dinani chingwe chachikulu cha gitala pa fureti yachitatu, G ameneyo ali pa 98 Hz. Ngati phokosolo likufanana naye ndi la 100 Hz, lochokera ku ma filter, mwina ndi ochepa, mwina negativu yake simunaiwotcherere bwino, ndipo ampu ya valavu imodzi yokankha sipika ilibe inzake yofafaniza phokosoli nde kuwonjezera gawo lina la kapasita ndi rezisita kutsogolo kumathandiza zedi. Kungoti ndi 5Y3 musaike chikapasita chachikulu poyambirira, 16 kapena 22 µF yakwana. Ngati lili pansi kwambiri kuposa chingwe chilichonse ndi la 50 Hz, lochokera ku hita kapena ku thiransifoma. Mawaya awiri a hita apotane zolimba, agone mmbali mwa chasesi kutali ndi phazi 2 ndi 7 la 12AX7, ndipo ngati thiransifoma ilibe waya wapakati wa hita ikani marezisita awiri a 100 ohms kuchokera mbali zonse ziwiri kupita ku chasesi, kapena bwino koposa kupita ku kathodi ya 6V6, phazi lomwe lili ndi rezisita ya 470 ohms. Zulani 12AX7 muyatse, phokoso likatha vuto lili mbali ya 12AX7 ndi jeki ya gitala, likatsala lili ku magetsi kapena mathiransifoma awiriwo ayandikana kwambiri, tembenuzani imodzi ipingase inzake. Poyesa zonsezi sipika ikhale yolumikiza nthawi zonse, ampu ya mavalavu ikalira popanda sipika thiransifoma ya sipika imapsa.

FUNSO: Amisiri, yanga ya EL84 ikugwira bwino koma mawu ake ndi aulemu kwambiri. Ine ndimafuna gitala yolusa ngati ya Zamrock ya a Paul Ngozi. Anzanga akuti ndigule makapasita odula ndi mavalavu akale a ku America. Ndisinthe chani? Wa ku Chipata

YANKHO: Achimwene, ndalama yanu isungeni. Kapasita yodula ya nambala yomweyo siisintha chilichonse chomwe khutu lingagwire mu bandi, chomwe chimasintha mawu ndi nambala yake ndi malo omwe ili. Ndipo mudziwe kuti gitala yolusa ya ku Zambia ya m'ma 1970 ija gawo lalikulu inkachokera ku fuzz, kabokosi kopondera ka ma transistor awiri kapena atatu, komwe mutha kupanga tsiku limodzi ndi batire ya 9 volts popanda ngozi. Fuzz kutsogolo kwa ampu yanu yokweza voliyumu, mwafika kale theka la ulendo.

Mu ampu momwemo yambani ndi rezisita yobweza mawu ija ndatchula pamwambapa, ngati yanu ili nayo. Iikireni switchi kuti muzitha kuidula. Ikaduka ampu imakwera mphamvu, imayamba kusasa msanga ndipo imayankha mmene mukukhwatchira, ikalumikizidwa imabwerera ku ulemu wake uja, nde mumakhala ndi ma ampu awiri mu bokosi limodzi. Chachiwiri ndi kathodi ya gawo loyamba la 12AX7. Nthawi zambiri pamakhala rezisita ya 1.5k, ngati ilibe kapasita pambali pake ikanipo ya 22 kapena 25 µF, mphamvu ikwera pa mawu onse. Koma apa mpomwe ambiri amasokonekera, besi ikachuluka polowa mu distortion, kusasa kuja, mawu amangophwanyika ngati sipika yang'ambika, makodi osamveka. Nchifukwa chake a Marshall pa chanelo yawo yowala anaika 2.7k ndi 0.68 µF, kuti zikwere ndi zapakati ndi zapamwamba zokha besi itsale. Yesani zimenezo. Ikakhala ikadali yamatope chepetsani kapasita yolumikiza magawo kuchoka pa 0.022 µF kufika pa 0.01 kapena 0.0047. Ngati mawu amazilala mukatsitsa voliyumu, ka kapasita ka 120 pF pakati pa phazi lolowera ndi lapakati la chopotokola kamabweza kuwala.

Ena adzakuuzani kuti muchotse madayodi muike valavu ya EZ81 kuti ampu izifewa mukamenya kodi. Pa ampu ya mavalavu awiri okankhana ndi zoona, koma pa yanu ya EL84 imodzi magetsi omwe imakoka sasintha kwenikweni olo mumenye bwanji, nde mungotsitsa ma volts basi, zomwe rezisita imodzi ingachite.

Chomwe ndikupempha, sinthani chinthu chimodzi pa nthawi, jambulani pa foni musanasinthe ndi mutasintha, kodi yomweyo voliyumu yomweyo foni pamalo omwewo, ndipo lembani mu kope zomwe munachotsa. Mukasintha zinayi nthawi imodzi nkuipa simudziwa chobweza, nkukoma simudziwanso chomwe chakometsa. Ndipo kwa owerenga ofuna zosiyana ndi izi, mawu oyera okwera, zulani 12AX7 muike 12AY7, mapazi ndi ofanana, kukuza kwake ndi cha m'ma 40 pomwe 12AX7 ndi 100, simuwotcherera kalikonse.

FUNSO: 6V6 yanga chitsulo cha mkati chikufiira ndikaimba kwa kanthawi. Ndi mmene zimakhalira? Woimba wa ku Mzuzu

YANKHO: Ayi achimwene, zimitsani. Kowala kololedwa ndi ka hita pakati penipeni, chitsulo chachikulu chotuwa chija, chotchedwa puleti, chikafiira ndiye kuti valavu ikukoka magetsi opyola muyeso ndipo siichedwa kufa. Ngati ndi Champ, yezani ma volts pa rezisita ya 470 ohms ya pa kathodi nkugawa ndi 470. Mwachitsanzo 19 volts ikupatsani 40 mA, muchulukitse ndi ma volts a pakati pa puleti ndi kathodi, tinene 320, mupeza pafupifupi 13 watts, pochotsapo pang'ono za sikirini, kachigawo kena ka mkati mwa valavu, muli pa malire penipeni poti 6V6 imapirira 12 mpaka 14 watts kutengera mtundu. Mukapyola apo kwezani rezisitayo ifike 560 kapena 680 ohms ya 5 watts. Izi zimachitika kawirikawiri munthu akachotsa 5Y3 nkuika madayodi, kapena akalumikiza waya wa 220 pomwe kukhoma kukubwera 240. Yezaninso phazi 5 la 6V6, payenera kukhala ziro, mukapezapo DC ya pozitivu kapasita ya 0.022 µF yochokera ku 12AX7 ikudontha, isintheni musanaike valavu ina. Mavalavu atsopano akupangidwabe, JJ ku Slovakia, ena ku Saratov ku Russia ndi ena ku China, koma mitengo inakwera kuyambira 2022 nkhondo ya ku Ukraine itayamba, nde pezani kaye chomwe chikuotcha iyi musanaitanitse inzake. Ya ku Russia yolembedwa 6P6S imalowa pa soketi yomweyo ya 6V6, koma 6N2P musaisomeke pa malo a 12AX7 musanasinthe mawaya a hita, phazi 9 lake ndi la ntchito ina.